Za Kumwezi ku Njewa: Paketi Yokha Siikwanira

Pali nkhani zina zimene makolo athu ankazikambira kutsimba kapena kuseri kwa nkhokwe, motsitsa mawu, amuna ndi ana atapitikitsidwa. Imodzi mwa nkhani zotere ndi ya msambo, imene amayi mwaulemu amaitchula kuti kupita kumwezi. Tikudziwa kuti ena mwa awerengi athu achikulire adzagwira pakamwa poona nkhaniyi italembedwa poyera m'nyuzipepala yowerengedwa ndi ana asukulu, ndipo tikuwapempha kuti atikhululukire. Taganiza zoitulutsa pabwalo chifukwa kukhala chete kumene kale kunali ulemu, lero kukulipiridwa ndi mwana wamkazi wa zaka 13 amene alibe womulangiza, alibe madzi ochapira, ndiponso alibe khobidi logulira chodzitetezera nacho.

Tidzalankhula makamaka za dera la Mfumu Yaikulu Njewa, kumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, pakuti kumeneko vutoli likuoneka bwino lomwe. Aliyense woyenda pa msewu wopita ku Mchinji, kudzera ku Chitedze, Mpingu, Msundwe mpaka ku Namitete, angathe kuona ndi maso ake momwe mzinda ukumezera midzi. Pamene panali minda ya chimanga ndi mtedza pali maenje oumbira njerwa, mipanda ya njerwa zootcha ndi midadada ya nyumba za lendi. Izi sizodabwitsa. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 100,000 mumzindawu, koma kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318. Khamu lotere silingakwane m'malire akale, choncho lasefukira m'midzi yozungulira, ndipo Njewa ali pakhomo penipeni pa chigumula chimenechi.

Tsono mtsikana wokulira m'dera lotere ali ngati munthu woima pakati pa mtsinje, tsidya lino atalisiya, tsidya linalo asanalifike.

Tiyeni tikumbukire momwe mudzi unkasamalira nkhaniyi. Mwana akatha msinkhu ankathamangira kwa agogo ake kapena kwa azakhali, iwo n'kukauza anamkungwi, ndipo pasanathe tsiku namwaliyo ankakhala atalangizidwa kavalidwe ka nyanda, kachapidwe kake ndi kabisidwe kake. Banja lililonse linali ndi bafa lake la udzu kuseri kwa nyumba, kumene mayi ankatha kuchapa ndi kuyanika popanda diso la mlendo. Kudambo ndi kumtsinje kunali madooko a akazi okhaokha. Sitikunena kuti zonse zimene zinkaphunzitsidwa zinali zoona. Lamulo loti mkazi amene ali kumwezi asathire mchere m'ndiwo, poopa kudula anthu a m'nyumba, lilibe umboni uliwonse kwa anthu odziwa za thupi la munthu, ndipo linabzala maganizo olakwika akuti msambo ndi chodetsa choopsa, pamene ndi ntchito wamba ya thupi la mkazi wathanzi. Komabe chinthu chimodzi mudzi unachikhoza: panali munthu wodziwika amene nkhaniyi inali udindo wake, ndipo panali malo odziwika ochitirako zofunika.

Mzinda nawo uli ndi njira yake. Mayi wa ku Area 47 kapena ku Area 10 amalowa m'sitolo, n'kugula mapadi otaya ukagwiritsa ntchito kamodzi, amasamba m'bafa la m'nyumba lokhala ndi mpope, ndipo zotayazo amaziika m'bini. Njira imeneyi imayenda ndi zinthu zitatu, ndalama za mwezi ndi mwezi, madzi a pampope ndi kotaya zinyalala. Mtsikana wa m'nyumba ya lendi ku Njewa, ku Chitipi kapena ku Mtandire alibe chilichonse mwa zitatuzi mokwanira. Agogo ake anatsala kumudzi ku Kabudula kapena ku Nambuma. Mayi ake amalawirira mbandakucha kukagulitsa tomato kapena kukagwira ntchito m'nyumba za anthu mumzinda, n'kubwera dzuwa litalowa. Bafa ndi limodzi la mabanja asanu kapena kuposerapo, ndipo kawirikawiri chitseko chake ndi chiguduli cha thumba la feteleza. Madzi ndi ogula pa ndowa kapena oimira pamzere kumjigo. Chingwe choyanikira zovala ndi chimodzi, pakati pa bwalo pomwe anyamata a pamdadada amakhala akusewera bawo.

Ambiri amene amalankhula za vutoli amalifupikitsa kukhala vuto la mtengo wa mapadi, ndipo n'zoona kuti mtengo ndi gawo lalikulu. Msambo umabwera pafupifupi masiku 28 alionse, n'kukhala masiku atatu mpaka asanu ndi awiri. Padi iyenera kusinthidwa pakapita maola ochepa, motero paketi imodzi nthawi zambiri siifika kumapeto. M'nyumba mokhala mayi ndi ana aakazi awiri otha msinkhu, mapaketi ofunika pamwezi amapikisana ndi ufa, makala ndi lendi, ndipo tonse tikudziwa amene amapambana pa mpikisano umenewo. Boma linamva kulira kumeneku. Mu Febuluwale 2022, Nduna ya Zachuma ya nthawi imeneyo, a Sosten Gwengwe, polengeza ndondomeko ya zachuma m'Nyumba ya Malamulo, anachotsa msonkho pa mapadi, ndipo lamuloli linayamba kugwira ntchito mu Epulo chaka chomwecho. Chinali chinthu choyenera kuyamikiridwa, ndipo tikuchiyamikira. Koma mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Popeza mapadi ambiri a m'masitolo athu, kapena zipangizo zowapangira, zimachokera kunja, zimene dzanja lamanja linapereka dzanja lamanzere linalanda, n'kuonjezapo. Mwana wa ku Njewa sanamve kukoma kwa msonkho wochotsedwawo ngakhale kwa teremu imodzi.

Kusowa kwa ndalama imeneyi kuli ndi zotsatira zimene sitiyenera kuzizemba. Akatswiri amene anafufuza kumadzulo kwa dziko la Kenya, n'kufalitsa zotsatira zawo m'chaka cha 2015, anapeza kuti mwa atsikana a zaka 15 amene anafunsidwa, mmodzi mwa khumi alionse anavomera kuti anagonapo ndi mwamuna kuti apeze ndalama yogulira mapadi. Kumeneko ndi ku Kenya, koma mphunzitsi aliyense wa m'mbali mwa msewu wa Mchinji, kumene kuli akabaza, oyendetsa malole ndi ogula mbewu okhala ndi ndalama m'thumba tsiku lililonse, akudziwa kuti msampha womwewo ulipo kwathu kuno. Dziko lathu linakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja kudzera m'lamulo la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, koma mimba zambiri za ana asukulu zimayambira pa zinthu zazing'ono zimene lamulo silizitchula, monga sopo, mafuta odzola ndi mapadi.

Chaka chilichonse pa 28 Meyi, tsiku limene dziko lapansi lakhala likukumbukira ukhondo wa pa nthawi ya msambo kuyambira 2014, timaona magalimoto a mabungwe ndi makampani akutuluka mumzinda kulowera kusukulu zapafupi. Sukulu za ku Njewa ndi madera oyandikana nazo zili ndi mwayi pa zimenezi, popeza zili pafupi ndi phula ndipo alendo angathe kupita ndi kubwerera ku ofesi nkhomaliro isanakwane. Atsikana amandandalikidwa, aliyense n'kunyamula paketi m'mwamba, chithunzi n'kujambulidwa. Sitikunyoza opereka, pakuti wopatsa ndi wopatsa. Tikungokumbutsa kuti mwezi wa Juni umabweranso ndi msambo wake, Julaye chimodzimodzi, ndipo galimoto ija siibweranso mpaka chaka chamawa. Sukulu za ku Nsaru ndi ku Kabudula, zimene zili kutali ndi maso a atolankhani, mwina ngakhale paketi imodziyo siziiona.

Pozindikira zimenezi, anthu ambiri oganiza bwino atembenukira ku mapadi ansalu ochapa, amene mtsikana angathe kuwagwiritsa ntchito chaka chathunthu kapena kupitirira. Ife tikugwirizana nawo, ndipo tikuona kuti imeneyi ndi nyanda ya makolo yomwe ija, yokonzedwa bwino kuti isasunthe ndiponso isadonthe. Koma apa ndi pamene tiyenera kukhazikika, chifukwa ndi pamene ntchito zambiri zabwino zimagwera m'mbuna.

Padi yansalu ndi yabwino malinga ndi kachapidwe ndi kayanikidwe kake. Iyenera kuviikidwa m'madzi ozizira, pakuti madzi otentha amaumitsa magazi pansalu. Iyenera kuchapidwa ndi sopo, kutsukuluzidwa m'madzi oyera, kenaka kuyanikidwa padzuwa mpaka iume gwaa. Dzuwa ndi mphepo ndizo zimathandiza kupha tizilombo. Tsono taganizani za mwana uja wa m'nyumba ya lendi. Ndowa ya madzi imene mayi ake agula ndi yophikira, yomwa ndi yosambitsira ana, ndipo iye akatungapo kawiri amafunsidwa kuti madzi akuthera kuti. Sopo ndi mmodzi wa banja lonse. Akachapa usiku mobisa, sangayanike pa chingwe cha pabwalo, chifukwa analangizidwa kuti mwamuna sayenera kuona nsalu imeneyi, ndipo ena amaopa kuti anthu oipa mtima angaitenge kukachitira zamankhwala. Chotero amaiyanika kunsi kwa mphasa, kuseri kwa thumba la chimanga kapena m'kati mwa chovala china, m'chipinda chopanda zenera. M'mawa amaivala ikadali yachinyezi. M'miyezi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, nsalu yotere siiuma n'komwe. Zotsatira zake ndi kuyabwa, zilonda za m'mphechepeche, fungo, ndiponso matenda amene mwanayo sangawatchule kwa aliyense. Bungwe limene linapereka mapadiwo limalemba m'lipoti lake kuti atsikana mazana angapo athandizidwa, ndipo palibe amene amabwerera kukafunsa kuti ankayanika kuti.

Palinso kachikho kofewa kamene mkazi amakalowetsa m'thupi kuti kazilandira magazi, n'kumakakhuthula pakapita maola angapo. Kamodzi kangathe kukhala zaka zofika khumi, ndipo akatswiri amene anasonkhanitsa kafukufuku wa m'maiko ambiri m'chaka cha 2019 anapeza kuti n'kosaopsa ngati kasamalidwa bwino. Kamafuna madzi ochepa kuposa nsalu ndipo sikafuna chingwe choyanikira, motero kwa mayi wa m'tauni n'kothandiza kwambiri. Koma nako kamafuna manja osamba ndi sopo, malo obisika okakhuthulira, ndi kuphitsidwa m'madzi owira msambo ukatha. Koposa zonse kamafuna munthu woleza mtima wophunzitsa kavalidwe kake ndi wochotsa mantha a makolo amene amaganiza kuti kangaononge unamwali wa mwana. Kukapereka popanda mphunzitsi wotere ndi kutaya ndalama.

Za mapadi otaya tingonena mwachidule. Ali ndi pulasitiki m'kati mwake ndipo saola msanga. M'madera opanda galimoto yotola zinyalala amathera m'zimbudzi zokumba, zimene zimadzaza msanga ndi kuvuta kupopa, kapena m'ngalande, kumene agalu amawamwaza. Dziko limene linalimbana m'makhoti kwa zaka zambiri pofuna kuletsa majumbo opyapyala liyenera kuganiziranso za phiri limeneli.

Njira zonse zitatu, tikaziyang'anitsitsa, zikutibwezera pa zinthu zomwe zija: madzi, sopo, chitseko chotsekeka, malo oyanikira ndi munthu wolangiza.

Aphunzitsi ayenera kudziwa chimene ofufuza anapeza m'dziko mwathu momwe muno, chifukwa chimasiyana pang'ono ndi zimene timamva m'misonkhano. M'chaka cha 2013, a Monica Grant, a Cynthia Lloyd ndi a Barbara Mensch anafalitsa zotsatira za kafukufuku wochitika m'sukulu za kumidzi m'chigawo cha kummwera. Anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa atatu alionse anajomba tsiku limodzi kapena kuposerapo pa msambo wake womalizira. Koma anapezanso kuti msambo ndi gawo laling'ono chabe la zifukwa zonse zojombera, ndipo kuti kusiyana kwa sukulu ina ndi inzake sikunasinthe kwenikweni kajombedwe kameneka. Kafukufuku wina wa ku Nepal, wa a Emily Oster ndi a Rebecca Thornton, anapeza kuti kugawa tizikho tija sikunachepetse kujomba mooneka. Tikutchula izi kuti tisanamizane. Amene akulonjeza kuti paketi ya mapadi yokha idzasunga mtsikana pasukulu mpaka Fomu 4 akulonjeza zimene umboni sukuvomereza. Ndiponso kaundula wa m'kalasi amangolemba amene wabwera ndi amene sanabwere. Salemba mwana amene wabwera koma wakhala kumbuyo maola asanu osadzuka, osakweza dzanja, maganizo onse ali pa siketi yake, masamu akumudutsa pamutu.

Chimene chinatigwira mtima m'kafukufuku wa kwathu uja ndi ichi: atsikana okhala nyumba imodzi ndi agogo awo aakazi sankajomba kawirikawiri pa nthawi ya msambo poyerekeza ndi anzawo. Agogo sagawa mapadi. Chimene ali nacho ndi nthawi, chidziwitso ndi ufulu wolankhula ndi mdzukulu zinthu zimene mwambo umaletsa mayi wobereka kulankhula ndi mwana wake. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, anatero makolo, ndipo apa ofufuza a masiku ano angotsimikiza ndi manambala. Tsono ngati mzinda wachotsa agogo pakhomo, funso lenileni la ku Njewa ndi lakuti, adzalowa m'malo mwawo ndani?

Yankho lapafupi ndi sukulu, popeza ndi malo okhawo amene atsikana onse a m'dera amakumana tsiku ndi tsiku. M'sukulu zambiri za pulaimale muli kale magulu a amayi oyang'anira atsikana, ndipo kumene maguluwa akulemekezedwa akugwira ntchito yotamandika: kulangiza, kusoka mapadi, kulondola ana osiya sukulu. Kumene akungoitanidwa pa tsiku la alendo kuti adzavine ndi kuphika, afooka. Mphunzitsi wamkulu wanzeru adzapatsa amayi amenewa tsiku lawo pa sabata, chipinda chokumaniramo, ndi mawu pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama zotukulira sukulu zimene boma limatumiza. Adzasankhanso mphunzitsi mmodzi wamkazi wodziwika kwa ana onse, wosunga mapadi angapo, chitenje ndi siketi yapadera m'kabati, kuti mwana amene zamugwera mwadzidzidzi adziwe khomo logogoda. Kulangiza kuyambe msanga, mu Sitandade 4 kapena 5, chifukwa ana ambiri a kwathu amayamba sukulu mochedwa ndi kubwereza makalasi, ndipo msambo woyamba umawapeza phunziro la za kutha msinkhu lisanafike.

Kwa aphunzitsi aamuna tili ndi mawu apadera. Mwambo wa m'kalasi zathu ndi woti mwana aimirire poyankha funso, ndipo wokana kuimirira amayesedwa wamwano. Mphunzitsi amene waona mtsikana wakhalidwe labwino akukana kudzuka, kapena akupempha kutuluka kachiwiri m'phunziro limodzi, asafunse chifukwa pamaso pa anzake, ndipo asamulange. Amene waona mwana atazyolika, atagwira pamimba, adziwe kuti kupweteka kwa msambo ndi kwenikweni, ndipo kwa ena n'koopsa kotero kuti kumawasanzitsa. Ambiri amajomba chifukwa cha ululu umenewu ngakhale mapadi ali nawo. Mankhwala wamba ochepetsa ululu amathandiza, ndipo mwana amene ululu wake ndi wopyola muyeso, kapena amene akutaya magazi ambiri mpaka kuyera m'maso, atumizidwe kuchipatala, kaya ku Chitedze, ku Kabudula kapena ku St Gabriel ku Namitete. Za anyamata oseka mnzawo amene wadetsa siketi, mlandu timaupereka kwa mphunzitsi amene pofika pa mutu umenewu m'buku amautsegula mothamanga, kapena kutulutsa anyamata panja. Mnyamata amene wauzidwa momveka kuti mayi ake, mlongo wake ndi mkazi amene adzamukwatire onse amadutsa m'njira yomweyi, ndiponso kuti iye mwini sakanabadwa popanda zimenezi, saseka kawiri.

Chimbudzi cha atsikana chikhale ndi chitseko ndi chotsekera cha m'kati. Ndi chinthu chochititsa manyazi kuti tilembe chiganizo chotere m'nyuzipepala, koma yendani m'sukulu khumi ndipo muwerenge zitseko. Pafupi pake pakhale kachipinda kosinthiramo kokhala ndi ndowa ya madzi ndi sopo. Wina adzati ndalama palibe. Tikukumbutsa kuti mu Januwale 2023, kolera atavuta, boma linachedwetsa kutsegulira sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre, ndipo m'masabata ochepa ndowa zokhala ndi mipope, sopo ndi mankhwala othira m'madzi zinapezeka pamakomo a makalasi. Mliri umenewo unapha anthu oposa 1,700 ndipo unayenera kuchititsa mantha. Koma unationetsanso kuti ndowa ndi sopo pasukulu si zinthu zosatheka akuluakulu akatsimikiza mtima. Kolera atapita ndowa zija zinasweka ndipo m'malo ambiri palibe anaziguliranso.

Tsopano tilankhule ndi inu amene mwangomaliza Fomu 4 ndipo mukuyendayenda ndi makalata ofunsira ntchito m'maofesi a ku City Centre. Pano pali ntchito imene msika wake sudzatha. Padi yansalu siifuna fakitale. Imafuna makina osokera opondera, nsalu yofewa ya thonje yokhudza thupi, nsalu yomwa madzi ngati ya thaulo pakati, nsalu yosalola madzi kudutsa pansi, ndi batani lomanga mapiko ake pa kabudula wam'kati. Telala aliyense wa pakhonde la sitolo ku Mpingu kapena ku Nsaru angathe kukuphunzitsani kusoka mzere woongoka, ndipo bungwe la TEVETA lili ndi maphunziro a zosoka. Chenjezo lathu ndi lakuti musathamangire phindu pogwiritsa ntchito zigamba za kaunjika zosachapa kapena nsalu zoterera zosamwa madzi, pakuti chinthu chokhudza thupi la munthu pamalo otere chikapsereza kamodzi, mbiri yanu yathera pomwepo. Sokani padi yotha kutambasulidwa, kuti ikayanikidwa pachingwe izioneka ngati kansalu wamba ndiponso iume msanga. Gulitsani pamodzi ndi kathumba kosungiramo yogwiritsidwa kale ntchito, ndipo mulole makolo kulipira pang'onopang'ono, chifukwa vuto la padi yansalu ndi lakuti mtengo wake wonse umafunika tsiku limodzi, ngakhale kuti pakutha pa chaka ndi yotsika kwambiri kuposa yotaya. Anyamata asaone ngati ntchitoyi ndi yochotsa ulemu. Matelala ambiri osoka madiresi a ukwati m'dziko muno ndi amuna. Ndipo n'zomvetsa chisoni kuti dziko lolima thonje ku Chikwawa, ku Balaka ndi ku Salima lizitaya ndalama zakunja zosowazo pogula chinthu chimene ana ake omwe angathe kusoka.

Maiko ena apita patsogolo ndi malamulo. Kenya inachotsa msonkho pa mapadi kale mu 2004, ndipo mu 2017 inakhazikitsa lamulo loti boma lizipereka mapadi aulere kwa atsikana a m'sukulu zake, ngakhale kuti madandaulo akuti katunduyo safika m'sukulu zambiri sanathe. Scotland inavomereza mu 2020 lamulo loti aliyense wofuna zipangizozi azizipeza kwaulere, ndipo linayamba kugwira ntchito mu Ogasiti 2022. Anansi athu a ku Zambia amalola mkazi wapantchito kupuma tsiku limodzi pamwezi popanda kalata ya dokotala. Aphungu athu angaphunzirepo kanthu, makamaka pa chitsanzo cha Kenya, chimene chikuonetsa kuti lamulo lopanda ndalama zake m'ndondomeko ya zachuma, ndi lopanda wolondola kuti katundu wafika, limathera papepala.

Ku Njewa kuli vuto lina loonjezera, la kusadziwika kwa mwini udindo. Anthu ake amagwira ntchito mumzinda, amagula mumzinda, amakhala mothithikana ngati mumzinda, koma mbali yaikulu ya derali ili pansi pa khonsolo ya boma la Lilongwe, imene inazolowera kusamalira midzi. Mapaipi a Lilongwe Water Board amatsatira nyumba mochedwa, ndipo zitsime zokumba pamanja zili moyandikana ndi zimbudzi. Pamene makhonsolo awiriwa akuyang'anizana, mafumu ndi amene ali ndi mphamvu yapafupi, chifukwa malo ogulitsidwa amadutsa m'manja mwawo. Nyakwawa imene ikuchitira umboni kugulitsidwa kwa munda ingathe kulamula kuti pasiyidwe malo a mjigo. Ingathenso kuuza womanga mdadada wa zipinda khumi kuti bafa limodzi silikwanira, ndi kuti akazi akhale ndi lawo lokhala ndi chitseko ndi kampanda koyanikiramo.  Chimodzimodzi m'misika: mayi wogulitsa pa Mpingu kapena pa Nsaru amakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, amadula chiphaso cha msika tsiku lililonse, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuti ndalama imeneyo yamumangira chiyani.

Tatsala ndi abambo. M'mabanja ambiri a kuno ndalama yaikulu imalowa kudzera m'thumba la bambo, kaya ya fodya wogulitsidwa ku Kanengo, ya soya, ya njerwa kapena ya kabaza, ndipo mwambo umaletsa mwana wamkazi kutchula chosowa chimenechi kwa bambo wake. Mwanayo amangoti akufuna ndalama ya kope, bambo n'kukalipa kuti kope anagula sabata yatha. Sikofunika kuti mwambo wa ulemu pakati pa bambo ndi mwana wake wamkazi uthyoledwe kuti vutoli lithe. Sukulu iliyonse imatumiza kwa makolo mndandanda wa zofunika teremu ikamayamba: yunifolomu, makope, zolembera, nthawi zina tsache kapena khasu. Tikupempha aphunzitsi aakulu a m'dera la Njewa, ndi a ku Namitete, Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, kuti pa mndandanda wa atsikana a Sitandade 5 kupita m'tsogolo alembepo mizere iwiri yoonjezera, wa sopo ndi wa mapadi, ndipo auwerenge mokweza pa msonkhano wa makolo, abambo ali pomwepo.